Mphwanga, usanakwere padenga yamba waphunzira kuyeza

Halo mphwanga, ndili m'galimoto kuno ku Midrand, ndikudikira kasitomala, ndiye ndati ndikuyankhe pompano. Wanena kuti abwana ako akupatsa pulani yolembedwa XA pakona ndipo unangogwedeza mutu ngati wamva. Usachite manyazi, nanenso ndinatero.

XA ija ndi SANS 10400-XA, gawo la malamulo omangira nyumba kuno ku Joni lokhudza kusamala magetsi. Linayamba mu 2011, analikonzanso mu 2021. Zambiri mmenemo ndi za omanga, monga mawindo, denga ndi zofunda za m'siling'i zoteteza kutentha. Koma pali mzere umodzi umene ukutidyetsa ife: theka la madzi otentha amene nyumba yatsopano igwiritse ntchito pa chaka lisatenthedwe ndi elementi, kachitsulo ka magetsi kotenthetsa madzi m'giza. Ndiye paliponse akuika giza ya sola, ya gasi, kapena heat pump, makina otenga kutentha kwa mpweya wapanja n'kutenthetsera madzi. Mapaipi ndi a pulambala, usawakhudze. Ako ndi waya, buleka yake payokha, ndi isolator, switchi yodulira magetsi, pafupi ndi makinawo.

Apa tchera khutu, chifukwa ndi pamene ndinagwa nazo. Chaka chatha ndinalumikiza heat pump pa nyumba ina, zonse bwinobwino, ndalama ndinalandira. Patatha mwezi mayi wa nyumbayo akuimba foni, akuti mayunitsi akutha ngati kale. Ndinakwera m'siling'i masana, thukuta kamukamu, ndikukwawa pamitanda tochi ili kukamwa. Kungoika clamp meter, kachipangizo koyezera magetsi odutsa m'waya, pa waya wa elementi, 13 amps! Elementi ya 3 kW ija inali ikugwira ntchito yonse, heat pump ikungozungulira panja ngati chokongoletsa. Ndinasiya thermostat ya elementi, kamene kamaiyatsa ndi kuizimitsa malinga ndi kutentha kwa madzi, pamwamba, ndiye inkayamba ndi iyo kutenthetsa. Heat pump yabwino imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a elementi, koma mayi aja ankalipira zonse ziwiri. Ndinabweza ndalama ya tsiku limenelo, manyazi okhaokha. Kuyambira pamenepo sindichoka pa ntchito ndisanayeze, ndipo nambala ndimaijambula pa foni, kasitomala aione ndi maso ake.

Nchifukwa chake ndikuti gula clamp meter yeniyeni, osati yapamsewu ija. Ntchito yaikulu tsopano ili pa kuyeza. Mu Disembala 2020 boma linatulutsa lamulo la EPC, satifiketi yosonyeza mmene nyumba ikudyera magetsi, kuyambira giredi A mpaka G, ndipo imapachikidwa pakhomo lolowera. Likukhudza maofesi, masukulu ndi maholo osonkhaniramo anthu, za boma zopitirira 1,000 square metres, za anthu wamba zopitirira 2,000. Satifiketiyo sitipereka ndife. Koma mwini ofesi akapeza F amachita manyazi pamaso pa alendi ake, ndiye amaitana ndani? Ife. Kuchotsa machubu akale kuika LED, kuika masensa m'zimbudzi ndi m'makonde kuti magetsi azizima okha, kuika mamita ang'onoang'ono pa chipinda chosanja chilichonse kuti adziwe amene akuwononga. Ntchito imeneyi ilibe chikoka ngati sola, anyamata amaithawa, koma imakhala miyezi.

Ukamva a kampani yomanga akunena EDGE kapena Green Star, usanjenjemere, ndi masatifiketi a nyumba zosamala chilengedwe. EDGE ndi ya IFC, nthambi ya World Bank, imafuna kuti nyumba ichepetse magetsi, madzi ndi mphamvu yopangira zipangizo ndi 20 peresenti. Green Star ndi ya Green Building Council South Africa. Kwa iwe tanthauzo lake ndi limodzi: ika chimene chalembedwa pa pulani, osasintha babu chifukwa wapeza lotchipa, ndipo sunga malisiti ndi mapepala a katundu aliyense. Oyendera amawafuna.

Za sola ndinena mwachidule poti tidzakambirana Loweruka. Mbali ya mapanelo ndi DC, usaikepo buleka ya AC, imapsa. Inveta yolumikizidwa ku gridi iyenera kulembetsedwa ku khonsolo kapena ku Eskom, ndipo ku Cape Town ali ndi mndandanda wa mainveta ovomerezeka, ndiye uziyamba wafunsa usanagule.

Tsono mapepala. Satifiketi yako ya TEVETA ija isangokhala m'sutikesi. Itumize ku SAQA, bungwe lounika masatifiketi a maphunziro kuno, aiunike, kenako ukonzekere trade test, mayeso a luso la ntchito yamanja, ulembe mayeso a malamulo a mawaya, SANS 10142-1, kuti ulembetsedwe ku Department of Employment and Labour. Popanda zimenezo sungasayine CoC, pepala lotsimikizira kuti mawaya aikidwa motsata malamulo, ndipo ukhala ukukokera mawaya munthu wina amene amangobwera ndi cholembera n'kutenga ndalama zambiri. Wina akakuuza kuti amagulitsa CoC yosayinidwa kale, umuthawe. Nyumba ikapsa a inshuwalansi amayamba kufunsa pepala limenelo, ndipo mlendo ngati iwe ndi amene amamuloza chala.

Eya, kasitomala uja wafika, akuimika galimoto. Loweruka ubwere ndi pulani ija, ndi buku lolembamo, tikumane pa renki cha m'ma 7. Uwapatse moni alamu.