Makalata a Omvera: Ndani Ayenera Kulamula Ndalama za Sukulu?

Takulandirani omvera athu ku gawo la makalata. Sabata yatha tinakamba za ndalama zotukulira sukulu zapulayimale, zimene ambiri amazitchula kuti SIG, ndipo makalata ambiri amene atipeza kuno ku Lilongwe akufunsa ngati n'koyenera kuti boma lizilamula kagawidwe ka ndalamazi zikafika pasukulu.

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Mitundu, amene ndi msungichuma wa komiti ya sukulu. Iwo alemba kuti: "Chaka chatha mphepo yamkuntho inasasula denga la kalasi ya Sitandade 2. Ndalama zitalowa ku akaunti, makolo tinagwirizana kuti zonse zipite ku malata, matabwa ndi misomali, koma tinauzidwa kuti malamulo salola chifukwa gawo lina liyenera kugulira zipangizo zophunzirira. Tinaguladi choko ndi makope, koma ana akulembera pansi pa mtengo, ndipo mvula ikangoyamba amabalalika. Kodi munthu wokhala mu ofesi angadziwe bwanji vuto lathu kuposa ife eni ake?"

Mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri, ndipo ndiyambe ndi kufotokoza kumene malire a kagawidwe ka ndalamazi anachokera. Boma litayambitsa maphunziro aulere apulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo sukulu zimene zinkadalira fizi zinatsala zopanda ndalama yakeyake yogulira ngakhale tsache. Ndondomeko yotukula sukulu zapulayimale ya PSIP, imene inayamba mu 2010, inabwera kudzatseka mpata umenewu potumiza ndalama ku akaunti ya sukulu kudzera ku khonsolo. Ndalamazo zinamangiriridwa ku mitu itatu ya mapulani a maphunziro m'dziko muno, imene ndi ubwino wa maphunziro, mwayi wofanana kwa ana onse, ndi kayendetsedwe ka sukulu. Cholinga chake chinali chakuti mutu umodzi usameze inzake.

Komabe pa nkhani yanuyi ine ndili mbali yanu. Lamulo lopangidwa kuti lithandize mwana kuphunzira lataya cholinga chake ngati likusiya mwanayo pamvula ali ndi kope latsopano m'manja. Denga ndi chipangizo chophunzirira ngati mmene lilili buku. Ndikukulangizani kuti mulembe zimene makolo anagwirizana pamsonkhano, ahedi ndi amfumu asayinire, ndipo mukazipereke kwa a PEA, alangizi a zamaphunziro a m'zoni yanu, kuti akazitule ku ofesi ya maphunziro. Nkhaniyi muitengerenso ku makomiti achitukuko a VDC ndi ADC, pakuti ntchito yaikulu ngati denga ingathe kupemphedwa ku thumba la chitukuko la CDF.

Kalata yachiwiri ikutsutsa, ndipo yalembedwa ndi bambo wina wa ku Kawale, amene anali mphunzitsi wamkulu asanapume pantchito. Akuti: "Amene akufuna kuti malire achotsedwe sanakhalepo pamsonkhano wa komiti. Ine ndinaonapo anthu akufuna kuti ndalama zithere pa maalawansi ndi zakumwa za pamsonkhano, ndipo chimene chinandipulumutsa ndi kuwaonetsa pepala la malamulo. Popanda malire, ndani angakumbukire chimbudzi cha atsikana kapena yunifolomu ya mwana wamasiye?"

Aphunzitsi, mwanena zoona, ndipo sindikufuna kuti omvera aipeputse mfundo yanu. Pamsonkhano wa m'mudzi amene amalankhula kwambiri ndi amene ali ndi udindo, pamene mtsikana wa Sitandade 7 amene amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa chipinda chosinthira sapezekapo n'komwe. Lamulo limamulankhulira mwana wotereyu, monganso amachitira amayi a Mother Group, gulu lothandiza atsikana pasukulu. Gawo la kayendetsedwe ka sukulu linaikidwa pa 10 peresenti yokha, ndipo malire amenewa ndikuwaikira kumbuyo ndi mtima wonse, chifukwa ndi khomo limene ndalama zimathawira mosavuta.

Pamene ndikusiyana nanu ndi apa: malire oletsa akuluakulu kudya ndalama za ana ndi osiyana ndi malire oletsa makolo kusankha pakati pa zinthu ziwiri zimene zonse n'zothandiza ana. Oyambawo akhale olimba ndithu. Achiwiriwo akhale ndi njira yachidule yopemphera kusintha pakagwa ngozi, yoyankhidwa m'masabata ochepa, osati pakutha kwa teremu. Sukulu ya ku Kawale, kumene kalasi imodzi imadzaza kupyola ana 60 amene boma limafuna pa mphunzitsi mmodzi, ili ndi zosowa zosiyana ndi sukulu ya kumudzi imene ilibe nyumba za aphunzitsi. Ndipo chitetezo chenicheni, mwa kuona kwanga, ndi kumata malisiti ndi makoteshoni pabolodi la sukulu kuti kholo lililonse liwerenge.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa mnyamata wina wa ku Kasiya. Iye akuti mkanganowu ukusiya vuto lalikulu, pakuti kwawo ndalama zimafika mochedwa ndipo zikafika zimakhala zitachepa mphamvu.

Achimwene, mwalasa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi mapepala inakwera, ndipo bajeti imene komiti inalemba kumayambiriro kwa chaka sinathenso kugula zimene inalonjeza makolo. Funso lanu la nthawi yofikira ndalama talitumiza kwa akuluakulu a zamaphunziro, ndipo yankho lawo tidzaliwerenga pa pulogalamu ino. Mayi a ku Mitundu, mutilemberenso kuti timve zimene a PEA akuyankhani pa za dengalo.