Kalata ya mayi a ku Ndirande ndi ena amene mwatilembera za ana a autism

Moni nonse kumene muli, a kuno kumudzi komanso inu a ku Joni, ku Chipata, ku UK amene mumatimvera pa intaneti. Sabata yatha nkhani ya ana a autism ija, ana amene ubongo wawo unaumbidwa mosiyana ndi wa ena, tinangoikhudza pang'ono, koma mauthenga amene mwatumiza eee, foni yapa studio mpaka kutentha. Mayina lero sinditchula, zimene mwalembazi ndi zakumtima ndipo aneba anu akumveranso.

Ndiyambe ndi iyi imene yandisowetsa tulo. Alemba ndi mayi a ku Ndirande, akuti: "Mwana wanga ali ndi zaka 6, sayankhula, kuchipatala anati ndi autism. Ukangoyang'ana kumbali watuluka, kumuitana satembenuka. Mwezi watha ndinalowa kubafa, potuluka mwana kulibe, tinakampeza m'mphepete mwa Nasolo atavula nsapato akusewera ndi madzi. Chiyambire tsikulo ndikamakasamba kapena kukatunga madzi ndimam'manga mwendo ndi chitenje kubedi, ndimachita ndikulira koma nditani. Achimwene anga a ku Joni atumiza kanthu kozungulira ngati ndalama yachitsulo, akuti AirTag, ndimusokerere m'kabudula. Kodi kandithandiza?"

Mayi, poyamba pepani, ndipo zikomo kuti mwanena chilungamo, ambiri akuchita zomwezi koma pakamwa ali chete. Musadzione ngati ndinu wosasamala ayi. Ku America mu 2012 anafunsa makolo a ana a autism oposa 1,200, anapeza kuti pafupifupi theka la anawo anayesapo kuchoka pakhomo okha atapitirira zaka 4, ndipo mwa amene anasowadi, mmodzi mwa anayi aliwonse anatsala pang'ono kumira. Kumeneko ndi kwa anthu a mageti ndi makamera. Ana amenewa madzi amawakoka, kunyezimira kuja, kuzizira kuja, kaphokoso kake, amapezamo mtendere umene ife sitiuona, koma zoti pakatipo mpakuya sadziwa. Ndiye mantha anuwo ngoona.

Koma chitenjecho masulani mayi, chonde. Nyumba zathuzi muli mbaula, muli kandulo, tsiku limene moto ungabuke inu muli kumpopi mwana womangidwa athawa bwanji? Nanga akadzikulunga nacho pakhosi polimbana nacho? Komanso mwana womangidwa tsiku limene wamasuka amathamanga kuposa kale. Kumukhomera m'nyumba yekha ndi loko ngozi yake ndi yomweyo.

Tsono za AirTag, kachipangizo ka kampani ya Apple kolondolera zinthu zikasowa. Achimwene anuwo achita chikondi, muwathokoze, koma kanthuko kalibe GPS mkati, chipangizo chija chodziwa chokha malo amene chili, anthu ambiri sadziwa. Kamatulutsa Bluetooth basi, ndiye pakadutsa munthu wa iPhone pafupi, foni yakeyo ndi imene imauza mwini kanthuko kuti kaoneka pakutipakuti. Ku Sandton ku Joniko zimayenda bwino chifukwa ma iPhone ali mbwee, nanga kumtsinje kwa Nasolo adutsako angati pa ola? Ife ambiri ndi a itel ndi Tecno. Kuonjezera apo kuti mukaone pamene kali pamafunika iPhone, ndiye mwana akasowa muziyamba mwaimbira ku Joni kuti achimwene taonani pafoni? Kakakhala nthawi yaitali kutali ndi foni ya mwini wake kamayambanso kulira kokha, kwa mwana amene phokoso limamupweteka m'makutu akavula kabudulayo ndikumutaya. A Apple eni ake amati anakapangira makiyi ndi zikwama, osati ana. Chinanso mkatimo muli kabatire kaphwatalala kaja, mwana akakameza kamaotcha kum'mero m'maola ochepa, ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo.

Chimene ine ndingakonde achimwene atumize ulendo wina ndi alamu yapachitseko, yotchipa kwambiri kuposa AirTag. Timakhala tizidutswa tiwiri, kena kali ndi maginito, kamodzi mumamata pachitseko kena pafelemu, chitseko chikangotseguka tasiyana ndiye kamalira. Kamayendera mabatire, sikafuna magetsi, sikafuna Wi-Fi, sikafuna bandulo. Mukaike m'mwamba mosafikira mwana, ndipo ngati kali ndi batani losankhira kulira, sankhani kulira kwa belu kuja osati kwa ambulansi, mwana angadzidzimuke ndikuyamba kudzimenya. Kanthu kameneka sikagwira mwana, ntchito yake ndi kukuuzani pomwepo kuti chitseko chatseguka, mwana akadali pakhonde, osati mukamve patapita mphindi khumi ali kale kumtsinje. Pamene mukudikira katunduyo mangani kabelu kapena chitini cha timiyala pamwamba pachitseko, agogo athu ankatero pakhola la mbuzi ndipo fisi ankalephera, ndiye musati ndi zachikale. Kalipentala akuikireninso kachitsulo kotsekera m'mwamba, kogwiritsa ntchito inu muli momwemo.

GPS yeniyeni iliko, ina ngati wotchi ina yomangirira pamalaya, imalowa simu khadi, mumajambula malire pafoni kuti mwana akadutsa apa indiuze. Ndi yabwino koma imadya bandulo ndipo imafuna kutchaja pafupifupi tsiku ndi tsiku, tsiku limene mwaiwala ndi limene angasowe. Ana ambiri a autism safunanso chinthu pamkono, amachivula, ndiye atelala asoke kathumba kumsana kwa malaya. Musokemonso kansalu kolembapo nambala yanu yafoni poti mwana sayankhula.

Ndipo mayi, ichi ndi chimene ndikufuna mugwire kwambiri. Musamubise mwanayu. Mutengeni pamanja mukamuonetse kwa mayi apa okala, kwa anyamata a kabaza pa siteji, kwa azimayi ochapa kumtsinje, muwauze kuti uyu ndi wanga, sayankhula, mukamuona yekha musamukuwize kapena kumuthamangitsa, ingoyendani naye pambali ndikundiimbira. Azimayi ochapawo akanadziwa mwezi watha bwenzi atamugwira dzanja asanavule nsapato. Pa nthawi yosamba gwirizanani ndi neba mmodzi azikhala naye mphindi zimenezo, inu mudzamubwezera pa zina. Akadzasowanso, Mulungu aletse, musayambire kumsika kapena kwa anzake, yambirani kumadzi: mtsinje, chitsime, mgolo, maenje oumbira njerwa amene amadzadza nthawi ya dzinja. Ndowa zapakhomo muzivundikira, mwana amamira ndi madzi ochepa zedi. Mubwerere naye ku Queens mukawauze madokotala a ana zonsezi mmene mwandiuzira ine, ndipo pamene mtima walema imbani 116, nambala yothandiza ana ija, ndi yaulere.

Ndatayapo nthawi, ena mundikhululukire ndithamanga.

Bambo a ku Johannesburg akuti amakhala kukanyumba kakuseri kwa abwana, pabwalo pali swimming pool, anagula kamera ya Wi-Fi koma magetsi akazima nayo yazima. Bambo, gulani ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga moto kuti router ya Wi-Fi isazime, koma kamera imangoonerera, siidumphira m'madzi. Kambiranani ndi abwana za mpanda wokhala ndi geti lodzitsekera lokha, ndipo mwanayo akaphunzire kusambira.

Mayi a ku Leeds ku UK akuti Alexa, kasipika koyankhula kaja, ndi mababu oziziritsa kuwala pang'onopang'ono athandiza mwana wawo kugona, mawu amodzimodzi nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, koma bambo akukana kugula loko yapachitseko yotsegula ndi foni ati ndi zodula. Zakugonazo ndasangalala nazo, ana amenewa amakonda zinthu zosasinthasintha. Zandalamazo, kumeneko kuli Disability Living Allowance, ndalama ya boma yothandizira ana olumala osakwana zaka 16, komanso ku council kuli Disabled Facilities Grant yokonzera nyumba, pemphani occupational therapist, katswiri woona zimene mwanayo akufunika pakhomo, adzaone. Loko iliyonse imene mugule ikhale yoti munthu wamkulu atsegula ndi dzanja mkati ngakhale batire latha. Bambo akunyumbako ngati mukumvera, jezi ya timu yanu ija munagula osadandaula, nayi nkhani ya mwana.

Achemwali a ku Area 25 akufunsa ngati smart plug, pulagi yoyatsa ndi kuzimitsa ndi foni, ingazimitse cooker. Ayi, cooker imakoka moto wambiri, pulagiyo ingasungunuke, zimitsani pa switch yapakhoma. Pa TV ndi fani palibe vuto.

Ena afunsa zoika kamera kuchipinda kwa mtsikana wa zaka 14. Ine ndikuti ayi, ameneyo ndi namwali, ulemu wake ulipo ngakhale sayankhula. Alamu pachitseko ndi pawindo yakwana. Nonse a makamera sinthani password imene inabwera nayo, anthu ena amalowa ndikumaonera m'nyumba mwanu.

Wina akuti kodi si katemera amene amayambitsa autism? Ayi. Kafukufuku wa 1998 amene anayambitsa mphekeserayi anapezeka kuti ngwachinyengo, magazini imene inamusindikiza inamuchotsa mu 2010. Kabayitseni ana.

Tsono pali mawu amene abwera m'makalata asanu ndi awiri sabata ino, ochokera malo osiyana koma ngati analembera pamodzi. Akuti apongozi akuti ndinamukhwimira mwana kuti geni iyende. Akuti kutchalitchi anati ndi ziwanda. Akuti bambo ake anachoka ati kumtundu kwawo kulibe zotere. Abale anga, tatopa nazo izi. A World Health Organization, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ananena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 aliwonse ali ndi autism, ku Japan aliko, ku Norway aliko, konseko akukhwima ndani? Ubongo wa mwanayo unangoumbidwa mosiyana, amamva phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa mosiyana ndi ife. Mukamanena mayi kuti wakhwima, mayiyo amachita manyazi, amatseka chitseko, mwana amakula aneba osamudziwa, tsiku limene watuluka anthu amangomuyang'ana akudutsa ndikumati kamisala kaja. Chitenje chakubedi chija amamanga ndi mayi inde, koma amene anamufikitsa pamenepo ndi ife ndi pakamwa pathu. Kupemphera pempherani, inenso ndimapemphera, koma mukachoka kopempherako mudutse kwa mayiyo mumufunse kuti ndikukhalireni ndi mwana mukasambe? Inu azibambo othawa, mwana ameneyo akukusowani kuposa ena onse amene munabereka.

Opanga pulogalamu akundikodola kuti nthawi yatha. Agogo a ku Mchinji amene mwafunsa za sukulu yolandira mdzukulu wanu, kalata yanu ndasunga, tiyamba nayo sabata yamawa. Mayi a ku Ndirande, mukaika kabelu kaja ndipo mukayankhula ndi azimayi akumtsinje, mutilemberenso mutiuze mmene zayendera, ndikhala ndikudikira.