Kuchita render pa cloud: zimayenda bwanji, ndipo zimapindulitsa ndani?

Moni kwa nonse amene mukuonera. Ngati munakonzapo vidiyo pa kompyuta, mukuidziwa nthawi ija imene mwamaliza kudula zithunzi, mwaika mawu ndi nyimbo, mwadina batani la Export, kenako kamzere kayamba kuyenda mwa bilimankhwe uku fani ya laputopu ikulira ngati chigayo. Ntchito imene kompyuta ikugwira pa nthawi imeneyo ndi imene akatswiri amaitcha render, ndipo lero tikambirana za kuipereka ntchitoyi kwa makompyuta ena akutali kudzera pa intaneti, komwe anthu amati pa cloud.

Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zoonetsedwa motsatizana, ndipo chithunzi chilichonse chimatchedwa felemu. Vidiyo ya mphindi 10 yokhala ndi mafelemu 25 pa sekondi ili ndi mafelemu 15,000. Felemu imodzi ya 1080p ili ndi timadontho toposa 2 miliyoni, pamene ya 4K ili ndi timadontho toposa 8 miliyoni, kuwirikiza kanayi. Pochita render, kompyuta imawerengera mtundu wa kadontho kalikonse potsatira zonse zimene mwalamula, monga kusintha kuwala, kuchotsa manjenje a kamera kapena kuika malemba, kenako nthawi zambiri imapanikiza zonsezo kukhala fayilo imodzi ya vidiyo potsatira njira zopanikizira monga H.264 kapena H.265.

Nzeru ya cloud ndi yofanana ndi ya dima, pamene anthu ambiri amagawana mizere m'munda umodzi. Tiyerekeze kuti mwapanga kavidiyo kotsatsa malonda ka masekondi 30 mu Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D. Amenewo ndi mafelemu 750, ndipo ngati felemu iliyonse ikutenga mphindi 4 pa kompyuta yanu, mudikira maola 50 kompyutayo ili yomangika, popanda kuigwiritsa ntchito ina. Mukagawa mafelemu omwewo kwa makina 50 amphamvu zofanana ndi anuwo, makina aliwonse alandira mafelemu 15, ndipo ntchito yonse itha pa ola limodzi. Gulu la makina otere limatchedwa render farm. Kampani ya Amazon inagula Thinkbox Software, eni pulogalamu ya Deadline yogawira makina ntchito, mu 2017, ndipo mu 2024 inatsegula render farm ya pa intaneti yotchedwa AWS Deadline Cloud (AWS ndi nthambi ya Amazon yoona za cloud). Kwa ogwiritsa ntchito Blender palinso SheepIt, yomwe ndi yaulere: mumabwereketsa kompyuta yanu kuti igwire ntchito za ena, n'kumapeza mapointi amene amathandiza kuti ntchito yanu ilandiridwe msanga.

Pali chisokonezo chimodzi chofunika kuchichotsa. Si chinthu chilichonse chokhala ndi dzina la cloud chimene chimakuchitirani render. Frame.io, imene Adobe inagula mu 2021, ntchito yake yaikulu ndi kusunga mavidiyo kuti kasitomala aone ndi kulemba ndemanga pa felemu yeniyeni. Blackmagic Cloud, imene inabwera ndi pulogalamu yokonzera mavidiyo ya DaVinci Resolve 18 mu 2022, imathandiza anthu angapo kugwira pulojekiti imodzi ali m'mizinda yosiyana. Zonsezi n'zothandiza kwambiri, koma ntchito yolemetsa yowerengera ija imatsalabe pa kompyuta yanu.

Tsopano tifike pa mfundo imene ndikufuna muimvetsetse, chifukwa otsatsa malonda saikonda kuitchula. Makina akutali sangagwire ntchito pa mafayilo amene sanawalandire. Tengani chitsanzo cha munthu amene wajambula ukwati ndi makamera awiri, kuyambira ku tchalitchi mpaka ku perekaniperekani, ndipo wabwera ndi mafayilo okwana 100 GB. Ngati intaneti yake imatumiza pa liwiro la 10 Mbps, kutumiza mafayilowo kutenga maola oposa 22, ndipo apo ndiye kuti netiweki sinaduke ngakhale kamodzi komanso magetsi sanazime. Pomwe vidiyo ya ukwatiyo, imene kwenikweni ndi yongodula ndi kulumikiza, laputopu yabwinobwino ikhoza kuimaliza usiku umodzi usanathe. Munthu ameneyu akathamangira ku cloud ataya bandulo, nthawi ndi ndalama, popanda chimene wapindula. Musanalembetse kulikonse, yesani liwiro la intaneti yanu ndipo muyang'ane nambala ya upload (kutumiza), osati ya download (kulandira) imene nthawi zambiri imakhala yaikulu ndi yosangalatsa m'maso.

Choncho funso loyenera kufunsa ndi lakuti: kodi cholemera ndi mafayilo kapena ndi kuwerengera? Pulojekiti ya 3D ikhoza kukhala fayilo yaing'ono koma yofuna masiku awiri a render, ndipo imeneyo ndi imene imapindula. Mtunda nawonso uli ndi gawo lake. Microsoft inatsegula malo ake a maseva (makompyuta akuluakulu a cloud) ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, AWS inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo Google Cloud inafika ku Johannesburg mu 2024. Kwa amene akufuna kubwereka kompyuta yamphamvu n'kumaiyendetsa ali ku Lilongwe kapena ku Chipata, kusankha seva ya ku South Africa kumachepetsa kuchedwa kuja kumene mumasuntha mouse koma chithunzi n'kuyankha pambuyo pake.

Za malipiro, makampani ambiri amawerengera nthawi imene makina agwira ntchito, ndipo akuluakulu aja amalipiritsanso kusunga mafayilo ndi kuwatulutsa m'maseva mwawo. Malipirowo amakhala m'ndalama zakunja kudzera pa khadi, ndipo kompyuta yobwereka imene mwaiwala kuizimitsa imapitiriza kudya ndalama inu muli mtulo.

Ngati mwaona kuti ntchito yanu ndi yoyenera kutumiza, ilongosoleni kaye. Makina akutali sadziwa mafonti (mitundu ya zilembo), mapulagini (timapulogalamu toonjezera) ndi zithunzi zimene zili mu kompyuta yanu, ndipo chimodzi chikasowa mudzalandira vidiyo ya malemba osinthika kapena zinthu zopakidwa mtundu wa pinki, umene Blender imaika pamene chithunzi sichinapezeke. Mu Blender gwiritsani ntchito Pack Resources, mu pulogalamu ya After Effects muli Collect Files (zonsezi zimasonkhanitsa mafayilo a pulojekiti pamodzi), ndipo onetsetsani kuti mtundu wa pulogalamu yanu ndi womwewo umene uli pa makina awo. Ndikulangizanso kuti zotsatira zituluke ngati zithunzi zapayekhapayekha za PNG kapena EXR, m'malo mwa fayilo imodzi ya MP4, kuti felemu ya nambala 412 ikawonongeka mubwereze yokhayo basi. Kenako tumizani mafelemu asanu okha, loyamba, lomaliza ndi atatu a pakati pomwe pali zolemera kwambiri, muwatsegule pa sikirini yaikulu, muone mtengo wa felemu imodzi, muuchulukitse ndi chiwerengero cha mafelemu onse, ndipo mukakhutira ndi nambalayo mutumize otsalawo, omwe ndi 745 pa chitsanzo chathu chija cha mafelemu 750.