Mwana waulumali akavuta m'kalasi, lamulo la ku America likuti chiyani?

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili m'sukulu zaboma za ku America. Mwana waulumali akamenya mnzake kapena akasokoneza phunziro, kodi aphunzitsi aakulu angangomuthamangitsa?

Funso limeneli linafika kukhoti lalikulu kwambiri ku America la Supreme Court mu 1988, pa mlandu wa Honig v. Doe. Mnyamata wina wa zaka 17 ku San Francisco, yemwe anali ndi vuto lolephera kuugwira mtima, anakanyanga pakhosi mnzake amene ankamunyogodola, kenako n'kuswa zenera. Akuluakulu a sukulu anafuna kumuchotseratu. Khoti linati ayi. Ngati khalidwe lachokera ku ulumali, sukulu singamuchotse mwana payokha. Ikhoza kungomuimitsa kaye masiku osaposa 10.

Masiku 10 amenewa alipobe m'lamulo la IDEA, lomwe ndi lamulo la ku America la maphunziro a ana aulumali. Sukulu ikafuna kupitirira pamenepo, imayenera kukhala pansi ndi makolo n'kuyankha mafunso awiri. Loyamba: kodi zimene wachita mwanayu zachokera ku ulumali wake? Lachiwiri, lomwe ine ndimalikonda kwambiri: kodi sukuluyo inalephera kutsatira IEP, ndondomeko imene inagwirizana ndi makolo ya mmene mwanayu aziphunzirira?

Taganizani. Mwana wa autism, ulumali wokhudza kakulidwe ka ubongo, analonjezedwa malo abata oti azikapumirako phokoso likachuluka. Malowo sanaperekedwe, mwana n'kugubuduza desiki. Wolakwa apa ndani? Mlandu watembenukira sukulu.

Funso limodzi lokha likayankhidwa kuti inde, mwana amabwerera m'kalasi, ndipo sukulu imafufuza chimene chimayambitsa khalidwelo n'kukonza njira yomuthandizira. Onse awiri akakhala ayi, amalangidwa ngati wina aliyense, kungoti maphunziro ake saima.

Tsono musati ana aulumali sakhudzidwa. Amene wabwera ndi chida, mankhwala osokoneza bongo, kapena wavulaza munthu kwambiri, angasamutsidwe kupita kumalo ena ophunzirira mpaka masiku 45 a sukulu, kaya zachokera ku ulumali kapena ayi.

Aphunzitsi ena amadandaula, ndipo ali ndi mfundo. Misonkhano imatenga nthawi pamene ana enawo akulephera kuphunzira. Koma lamuloli lisanakhazikitsidwe mu 1975, boma la America lenilenilo linavomereza kuti ana aulumali oposa 1 miliyoni anali atatsekeredwa kunja kwa sukulu zaboma.