Oilo akudontha? Musathamangire gasketi ya sampu

Moni moni abale anga a kuno ku Joni, tabweranso pansi pa boneti. Lero tili ndi ka Polo Vivo aka, achimwene abwera nako kuchokera ku Turffontein, akuti landilodi wanena kuti akaonanso dontho limodzi pa paving, alongedze. Ndiye tiyeni tifufuze.

Choyamba, yalani katoni pansi pa galimoto usiku, m'mawa muone. Zakuda kapena zabulauni ndi oilo wa injini, zofiira kawirikawiri ndi za giyabokosi ya automatic kapena power steering, zobiriwira kapena pinki ndi coolant, imeneyo ndi vidiyo ina.

Chachiwiri, tsukani injini ndi degreaser, mankhwala ochotsa mafuta aja, ikazizira, osapopera madzi pa alternator chonde. Ikauma yendani mphindi 15, kukafika pa M1 n'kubwerera basi.

Chachitatu, eeh apa mundimvere, chifukwa zimandiwawa. Munthu amagwada, waona dontho lalendewera pa sampu, kabeseni kosunga oilo pansi pa injini, basi "gasketi ya sampu yatha!" Gasketi ndi chija chimamata pomwe zitsulo ziwiri zakumana kuti oilo asatuluke. Ndani wakuuzani? Oilo sakwera phiri, amatsika, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo imamukankhira kumbuyo, ndiye angachokere kulikonse koma kothera kwake ndi pa sampu pomwepo chifukwa ndiye pansi penipeni. Zili ngati denga lodontha, madzi akugwera pa bedi koma bowo lili kwina pa malata. Ndaonapo Quantum yosinthidwa gasketi ya sampu kawiri, silikoni mbwee ngati keke, ikudonthabe, vuto linali ka oil pressure switch, kachipangizo koyatsa nyali ya oilo pa dashibodi, kokwana m'dzanja. Ena mpaka amatsitsitsa giyabokosi kuti asinthe rear main seal, labala wotseka oilo pakati pa injini ndi giyabokosi, ntchito ya tsiku lonse, pomwe oilo akuchokera pamwamba. Inu amene munalipirapo zimenezi lembani mu ma comment, sitikusekani, mwina pang'ono chabe.

Ndiye tengani tochi, yambirani pansi, tsatirani kanjira konyowako kukwera mpaka pomwe kathera. Kamera yandikira kuno. Mwaona? Sampu yanyowa, apa panyowa, apa panyowa, pamwamba pa apa pouma gwa. Oilo akuchokera pa tappet cover iyi, chivindikiro cha pamwamba pa injini, labala wake wauma ngati chikopa. Ngati simukuona bwino, wazani pauda wa mwana pa injini youma, lizani, pomwe pauda wayamba kuda ndi pomwepo. Dinani subscribe kaye, mwaonera zaulere izi.

Chachinayi, onani fyuluta ya oilo ndi washala ya sump plug, bawuti yotulutsira oilo pa sampu, makamaka ngati mwangochita sevisi.

Chachisanu, PCV valve, kavalavu kotulutsa mpweya wochuluka m'kati mwa injini. Ikatsekeka mpweya umadzadza mu injini n'kumakankha oilo pa ma seal, musintha gasketi lero mwezi wamawa yayambanso. Ndipo zothira oilo wokhuthala wa 20W-50 kuti "atseke" zija, amangodontha pang'onopang'ono, bowo likadalipo.

Amene mukukonzekera ulendo wa kumudzi mu Disembala, bweretsani galimoto kuno ku Rosettenville tiione musanakaime pa mzere wa pa Beitbridge. Achimwene, tandipatsirani sipanala ya 10 mm ili apoyo.