Khalani nawo monga mwa chidziwitso

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Tiyamike Mulungu amene watidzutsanso lero. Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa 1 Petro 3:7, pomwe mtumwi akuuza amuna kuti akhale ndi akazi awo "monga mwa chidziwitso", aziwachitira ulemu ngati anzawo olandira nawo chisomo cha moyo, kuti mapemphero awo angaletsedwe. Mtima wanga lero uli pa mabanja achichepere amene ali ku sukulu ya ubusa, wina akuphunzira, wina akusunga pakhomo. Koma nonse amene muli pabanja tcherani khutu, chifukwa nkhaniyi siisankha nyumba.

Ndimeyi ndinaiphunzira kawiri. Koyamba ndinaiphunzira m'kalasi, mphunzitsi atalemba pabolodi mawu awiri a Chigriki, kata gnosin, ndi kutifotokozera kuti Petro akunena za kukhala ndi munthu momudziwa. Ndinalemba m'kope, pa mayeso ndinakhoza. Kachiwiri ndinaiphunzira usiku, nditagwada pafupi ndi bedi, ndipo ulendo umenewu panalibe wondipatsa malikisi.

Ife tinapita ku sukulu ya ubusa ukwati wathu usanathe chaka. Anatipatsa kachipinda kamodzi m'nyumba za ophunzira apabanja. Munali bedi, tebulo, mpando umodzi, ndi chingwe cha zovala chodutsa pakati. Mabuku anadzaza tebulo, kenako anatsikira pansi n'kuyamba kukwera khoma. Khanda la chipinda choyandikana nacho likalira usiku, tonse tinkadzuka. Ndalama yomwe mpingo unkatumiza inkathera ku fizi, ndiye zotsala zonse, chakudya, sopo, mapepala, zinkayembekezera malipiro a akazi anga, amene anapeza ntchito kataliko ndi sukulu. Ankachoka kusanayere bwino. Ine ndinkapita ku mapemphero a m'mawa, kenako m'kalasi, kenako ku laibulale mpaka atatseka. Loweruka ndi Lamlungu ankatitumiza kukathandiza m'mipingo yozungulira. Tikakumana madzulo, wina watopa miyendo, wina watopa mutu.

Chaka chachiwiri tinayamba Chihebri. Amene munachiphunzira mukudziwa thukuta lake: zilembo 22, kuwerenga kuyambira kumanja kupita kumanzere, ndipo mavawelo ake ndi timadontho ndi timizere tomwe nthawi zambiri timabisala pansi pa chilembo. Kuti ndiloweze mawu, ndinadula katoni yakale n'kupanga timakadi, mbali ina Chihebri, mbali ina tanthauzo. Timakadi timeneti ndinkayenda nato m'thumba, ndinkadya nato, ndinkagona nato.

Usiku wina, mayeso atatsala masiku awiri, kakadi kamodzi kanagwa n'kulowa pansi pa bedi. Akazi anga anali atagona kale, atayang'ana kukhoma chifukwa cha kuwala kwa nyale yanga. Ndinagwada, ndinapisa dzanja, ndipo chomwe ndinatulutsa inali nsapato yawo ya kuntchito. Nditaitembenuza ndinaona kuti pansi pake panabooka bowo loti chala chachikulu n'kulowa. M'kati anayalamo kachidutswa ka katoni, kopindidwa kawiri, katada ndi fumbi ndi thukuta. Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Inali katoni yomwe ija ndinadulako timakadi tanga. Ndinatulutsa nsapato inzake, nayo chimodzimodzi.

Ndinakhala pansi pomwepo nthawi yaitali, nsapato ili m'manja. M'mutu mwanga munali mawu a Chihebri mazanamazana, koma sindinkadziwa chomwe munthu wogona pafupi nane amapondapo tsiku lililonse.

Kutacha ndinawafunsa. Poyamba anati, "Ayi bambo, musavutike nazo, zikadali bwinobwino." Nditaumirira, anandiuza kuti kuyambira chiyambi cha teremu akhala akuyenda wapansi kupita ndi kubwera, kuti ndalama ya basi izitsala ya mapepala anga ndi mabuku. Ndinati, "Nanga bwanji simunandiuze, mayi?" Iwo anati, "Ndinaona kuti muli ndi zambiri m'mutu." Anakhala chete pang'ono, akumanga mpango, kenako anawonjezera mawu omwe sindidzawaiwala. "Nsapato sizindiwawa kwenikweni. Chondiwawa n'chakuti mukabwera mumandiuza za Mose ndi Paulo mpaka tulo, koma simundifunsa kuti ndaswera bwanji. Inu muli ndi anzanu a m'kalasi, muli ndi aphunzitsi okuyamikirani. Ine anzanga onse ndinawasiya. Kuno ndili ndi inu nokha."

Sanakweze mawu. Ananyamula chikwama chawo n'kuvala nsapato zomwezo, pakuti zina panalibe.

Abale anga, Petro amene analemba mawu athu a lero anali munthu wapabanja. Marko 1:30 amatiuza za apongozi ake omwe anagona ndi malungo, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 9:5 akusonyeza kuti Kefa, amene ndi Petro yemweyo, ankayenda ndi mkazi wake mu utumiki. Ankadziwa tsono chomwe chimachitika m'nyumba mwamuna akamva kuitana kwa Ambuye n'kusiya makoka. N'chifukwa chake sakungoti "khalani nawo". Kukhala nawo m'chipinda chimodzi ine ndinkakhala nawo ndithu. Iye akuti khalani nawo mowadziwa. Ndipo m'Chihebri chomwe ndinkalimbana nachocho, mawu oti yada, kudziwa, ndi omwe Genesis 4:1 amagwiritsa ntchito ponena kuti Adamu anadziwa Hava mkazi wake. Kudziwa kwa m'Baibulo kumafuna kuyandikira. Kumafunanso nthawi, ndipo akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene wasiya kwawo, wasiya anzake, watsata iwe chifukwa cha maitanidwe ako, sangakutsanulire za mumtima uli chiimire pakhomo, chikwama cha mabuku chili paphewa.

Chomwe chimandiopsa pa ndimeyi ndi mapeto ake: kuti mapemphero anu angaletsedwe. Taganizani, wophunzira za ubusa, woyamba kufika ku mapemphero a m'mawa, wotsogolera anzake pogwada, koma pemphero lake likukakamira padenga chifukwa cha munthu amene wamusiya akulira m'chipinda. Mulungu salekanitsa guwa ndi pakhomo monga timachitira ife.

Ndipo tchimo limeneli ndi lovuta kuliona chifukwa limavala zovala zopatulika. Munthu wothera nthawi ku zachabe amadziwa kuti akulakwa. Koma wothera nthawi mu laibulale, Baibulo lili chitsegulire, amadziona kuti ali pa ntchito ya Ambuye, ndipo mkazi wake amaopa kudandaula, poganiza kuti akadandaula ndiye kuti akulimbana ndi Mulungu. Yesu anadzudzula zofanana ndi zimenezi pa Marko 7:11, pomwe munthu ankauza makolo ake kuti thandizo lomwe akanawapatsa ndi Korban, loperekedwa kwa Mulungu, n'kuwasiya manja ali m'khosi. Ine ndinachita Korban ndi nthawi yanga. Maola omwe ndinalonjeza akazi anga pamaso pa mpingo tsiku la ukwati ndinawalemba dzina la Mulungu, kuti wina asandifunse.

Mulungu yemweyo, m'chilamulo cha Mose pa Deuteronomo 24:5, analamula kuti mwamuna amene wangokwatira asapite kunkhondo kapena kupatsidwa ntchito ina iliyonse ya dziko kwa chaka chathunthu, akhale pakhomo akondweretse mkazi wake. Nkhondo si nkhani yamasewera, dziko limafuna dzanja lililonse. Komabe Mulungu anati chisangalalo cha mkazi mmodzi m'kanyumba kake chiyambe chakhazikika. Sindikunena kuti ongokwatirana asapite ku sukulu. Ndikunena kuti Mulungu amene anakuitanani ndi yemwe analemba lamulo limeneli, ndipo mtima wake sunasinthe.

Mavuto a mabanja a ophunzira za Mulungu sanayambe lero. Pa 2 Mafumu 4:1 timamva za mkazi wa mmodzi wa ana a aneneri, aja ankakhala pansi pa Elisa. Mwamuna wake anali woopa Yehova, mkaziyo akuchitira umboni yekha, koma anamwalira atasiya ngongole, ndipo wangongole anali m'njira kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. M'nyumba munatsala kansupa ka mafuta basi. Ndikawerenga nkhaniyi ndimaona kuti Elisa sanamulalikire mayiyo. Anamufunsa mafunso awiri: ndikuchitirenji, ndipo uli ndi chiyani m'nyumba? Funso lachiwirili ndi lomwe ine ndinalephera kufunsa m'nyumba mwanga momwe kwa teremu yonse. Mipingo yomwe mumatumiza ana anu ku sukulu ya ubusa, mukalipira fizi musaganize kuti mwatha. Pitani mukagogode pa kachipinda kaja, mukafunse mayiyo kuti ali ndi chiyani m'nyumba.

Kwa inu amene mukusunga pakhomo mnzanu ali m'kalasi, kaya ndinu mayi kaya ndinu bambo, pakuti masiku ano alipo amuna ambiri amene akazi awo ndiwo akuphunzira, ndili ndi mawu awiri. Oyamba ndi a Davide pa 1 Samueli 30. Pothamangitsa Aamaleki, amuna 400 anawoloka naye mtsinje wa Besori, ndipo 200 anatsalira pa katundu. Pogawana zofunkha ena anafuna kuwamana otsalawo, koma Davide anati gawo la wopita kunkhondo lifanane ndi la wotsala pa katundu, ndipo linakhala lamulo mu Israele. Tsiku lomaliza maphunziro dzina lidzaitanidwa limodzi, chovala cha ulemu adzavala mmodzi, koma Mulungu amawerenga onse awiri. Amadziwa mtunda womwe mwayenda wapansi. Mawu achiwiri ndi akuti lankhulani. Kukhala chete kwa akazi anga kunachokera mu chikondi, koma kunandisiya m'tulo miyezi yambiri. Kuuza mnzanu kuti mwatopa, kuti mwasungulumwa, kuti mwasowa, si kulimbana ndi maitanidwe ake. Akaphunzira kumva inu, adzamvanso nkhosa zomwe adzapatsidwe.

Mawu oti seminale, dzina lina la sukulu ya ubusa, anachokera ku Chilatini, seminarium, kutanthauza nazale, pofesera mbewu zisanakaokedwe kumunda. Mbande ikapindika pa nazale, imakakula chipindikire. Makhalidwe omwe banja likuzolowera pa zaka zitatu kapena zinayi za sukulu ndi omwe lidzapite nawo ku mpingo. Ambiri timadzinamiza kuti tikamaliza mayeso, tikadzozedwa, tikapatsidwa mpingo, nthawi idzapezeka. Siipezeka. M'malo mwa mayeso mumabwera maliro, odwala, misonkhano, ndi anthu ogogoda pakhomo pakati pa usiku. Paulo anafunsa Timoteo kuti ngati munthu sadziwa kuweruza nyumba yake ya iye yekha, adzasunga bwanji mpingo wa Mulungu (1 Timoteo 3:5). Nyumba imeneyo imayambira pa kachipinda ka bedi limodzi ndi mpando umodzi.

Ife sitinasinthe tsiku limodzi. Nsapato tinagula mwezi utatha, nditagulitsa buku lina lomwe ndinkalikonda kwa mnzanga wa chaka choyamba. Zimenezo zinali zosavuta. Chovuta chinali kutseka buku. Tinagwirizana kuti akazi anga akalowa pakhomo, ine ndizitseka chilichonse chomwe ndikuwerenga, ngakhale ndili pakati pa chiganizo, ndipo ola loyamba likhale lawo. Masiku oyamba maso anga ankathawira patebulo, iwo n'kumandiona, osanena kanthu. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kudziwa mayina a anzawo a kuntchito, yemwe amawavutitsa, yemwe amawaseketsa. Ndinadziwa kuti amasowa kwambiri mng'ono wawo, ndiponso kuti anali ndi khumbo lobwerera ku sukulu lomwe analikwirira kuti langa litheke. Nawonso anayamba kundigwirira timakadi tija n'kumandifunsa mawu, ndipo maulaliki anga oyamba anawamva iwo asanawamve mphunzitsi. Akandiuza kuti "apa sindinamve", ndinkadziwa kuti mpingo nawo sukamva. Pa mayeso a Chihebri a teremu yotsatira malikisi anga anatsikako, ndipo sindinadandaule nawo.

Mbale wanga, usanatuluke m'mawa uno kupita ku kalasi yoyamba, yang'ana amene ukumusiya m'nyumbamo. Mufunse kuti wagona bwanji, ndipo uime mpaka ayankhe.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuika m'manja mwanu mabanja onse amene ali ku sukulu za ubusa. Kumbukirani amene adzuka kusanache kupita kukagwira ntchito kuti mnzawo aphunzire, amene akulera khanda m'chipinda chodzaza mabuku, amene fizi ya teremu ino sinakwane, ndi amene agona osalankhulana usiku wathawu. Tikhululukireni pomwe tabisala kuseri kwa dzina lanu n'kusiya amene munatipatsa. Tsegulani maso athu ndi makutu athu m'nyumba zathu, ndipo mapemphero athu a lero asaletsedwe. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.