Malembo 9, Masekondi 30: Tasewera Countdown m'Chichewa ku Zomba

[Pakhonde ku Matawale, Zomba. Patebulo pali timakadi todula kukatoni ndi foni yowerengera nthawi.]

Muli bwanji nonse amene mukuonera? Pezani cholembera ndi kapepala, ngakhale kuseri kwa lisiti, chifukwa lero mugwira nawo ntchito. Nawa malembo 9.

[Pa sikirini: A N W C I G A H N]

Pangani mawu a Chichewa aatali momwe mungathere kuchokera pa malembo amenewa. Kakadi kalikonse kagwire ntchito kamodzi kokha. Muli ndi masekondi 30. Imitsani vidiyoyi, yesani, ndipo chomwe mwapezacho muchisunge, tibwererako.

Mwangolawa kumene masewera a pa TV otchedwa Countdown. Ku Britain akhala akuonetsedwa kuyambira pa 2 Novembala 1982, tsiku lomwe kanema wa Channel 4 anatsegulidwa, ndipo inali pulogalamu yoyamba kuoneka pa kanemayo. Woyendetsa wake woyamba, Richard Whiteley, anakhala pampandopo mpaka pamene anamwalira mu 2005. Koma mbewu yake inachokera ku France. Mu 1965 Armand Jammot anayambitsa pulogalamu yotchedwa Le mot le plus long, kutanthauza mawu aatali koposa, ndipo mu 1972 anaonjezamo masamu n'kuitcha Des chiffres et des lettres, manambala ndi malembo.

Opikisana amakhala awiri, atakhala pansi, aliyense ndi pepala lake, kumbuyo kwawo kuli chiwotchi chachikulu. Masiku ano pulogalamu imodzi imakhala ndi zigawo 15: zigawo 10 za malembo, 4 za manambala, ndi chimodzi chomaliza cha mawu osokonezedwa. Pa chigawo cha malembo, mmodzi amasankha kuchokera pa milu iwiri yovundikira, wa malembo a liwu ndi wa malembo opanda liwu. Iye amangonena mulu, lembo lomwe lituluke salidziwa. Lamulo ndi lakuti pa malembo 9 aja pakhale a liwu osachepera 3 ndi opanda liwu osachepera 4. Wotchi ikatha, aliyense amayamba wanena kutalika kwa mawu ake, kenako wa mawu aafupi ndiye amatchula koyamba. Amalandira mapointi ndi wa mawu aatali yekha, pointi imodzi pa lembo lililonse, ndipo akafanana onse amalandira. Wogwiritsa ntchito malembo onse 9 amapatsidwa 18.

Pambali pamakhala woweruza wa mawu ali ndi mtanthauziramawu wa Oxford. Susie Dent wakhala pa ntchito imeneyi kuyambira 1992. Mawu akakhala kuti mulibe m'bukumo, kapena ndi dzina la munthu kapena la malo, mapointi palibe, ngakhale akhale okoma chotani. Wopambana amabweranso tsiku lotsatira kudzakumana ndi munthu wina, mpaka atagonja kapena atapambana maulendo 8. Ndipo mphatso yomwe aliyense wopambana amanyadira ndi tiyipoti yooneka ngati wotchi ija. Ine chimenechi chimandikhudza. Munthu amakonzekera miyezi, amaloweza mawu usiku, chifukwa cha chikondi cha masewerawo.

Tsopano manambala. Pali timakadi 24. Tinayi ndi ta manambala aakulu: 25, 50, 75 ndi 100. Totsala 20 ndi ta manambala aang'ono, 1 mpaka 10, iliyonse kawiri. Wopikisana amasankha timakadi 6, kenako makina amatulutsa nambala ya madijiti atatu yoti aifikire. Amaloledwa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa basi. Nambala iliyonse igwire ntchito kamodzi, ndipo sakakamizidwa kugwiritsa ntchito zonse. Kufika ndendende ndi mapointi 10. Kuphonya ndi 5 kapena kucheperapo ndi mapointi 7. Kuphonya ndi pakati pa 6 ndi 10 ndi mapointi 5. Amalandira ndi amene wayandikira kwambiri.

[Pa sikirini: 50 9 7 4 3 1. Yofikira: 463]

Ambiri a ife tiyamba ndi 50 kuchulukitsa ndi 9, yomwe ndi 450. Yatsala 13. Ndiye 7 kuphatikiza 4 kuphatikiza 3 ndi 14, kuchotsera 1 ndi 13. Tafika, koma tatha timakadi tonse ndipo thukuta lili kamukamu. Onani njira ya akatswiri. Musanachulukitse, sunthani kaye nambala yaikuluyo pang'ono. 50 kuphatikiza 1 ndi 51. 51 kuchulukitsa ndi 9 ndi 459. Onjezani 4, mwafika pa 463, timakadi tiwiri tidakali patebulo. Ka 1 kaja mukakaika kumapeto kamangokhala 1, koma mukakaika musanachulukitse kamasanduka 9. Mwagwira chimenechi, mwagwira theka la chigawo cha manambala.

Pali kanthu kena kotchuka kamene kanachitika mu 1997. Wopikisana wina anatenga manambala aakulu onse anayi, 100, 75, 50 ndi 25, pamodzi ndi 6 ndi 3, ndipo yofikira inali 952. Anauza Carol Vorderman, yemwe ankalemba pabolodi nthawi imeneyo, kuti aphatikize 100 ndi 6, n'kukhala 106. Achulukitse ndi 3, n'kukhala 318. Kenako anati achulukitsenso ndi 75. Mayiyo anayamba kuseka, chifukwa yankho linali 23,850, kutalitali ndi 952. Bamboyo sanatekeseke. Chotsanipo 50, ikhala 23,800. Gawani ndi 25. Inatuluka 952 ndendende.

Kuona koyamba munthu umaganiza kuti m'mutu mwake munali makina. Koma taonani bwino. 75 kugawa ndi 25 ndi 3. 50 kugawa ndi 25 ndi 2. Iye anaona kuti 318 kuchulukitsa ndi 3 ndi 954, ndipo 954 kuchotsera 2 ndi 952. Vuto linali loti 25 anali nayo imodzi yokha, pomwe ankaifuna kawiri, kuti apange 3 komanso kuti apange 2. Ndiye anaisunga mpaka kumapeto kuti igawe zonse ziwiri nthawi imodzi. Ine ndinabwereza kambirimbiri papepala ndisanazione, ndipo nditaziona ndinaimirira pampando.

Tibwerere ku malembo athu aja, poti nkhani yanga yeniyeni yagona pamenepo.

Loweruka lapitali ndinaitana anthu awiri pakhonde lino. Mmodzi ndi aphunzitsi opuma pantchito omwe timayandikana nawo, anaphunzitsa Chichewa zaka zambiri. Wina ndi mwana wa achemwali anga, ali Fomu 3. Ndinawaikira malembo omwewa, A N W C I G A H N. Ngati inu munapeza "wanga", muli ndi 5. Ngati munapeza "changa" kapena "gawani", muli ndi 6, ndipo mwachita bwino. Foni italira, aphunzitsi anati ali ndi 6. Mtsikana uja anati, motsitsa mawu, ali ndi 8.

"Tatchula, mwanawe," anatero aphunzitsi.

"Chinagwa."

Aphunzitsi anavula magalasi. "Chinagwa chiyani?"

"Chikho chinagwa, agogo. Kapena chitseko chinagwa."

"Amenewo si mawu oti uwapeze mu mtanthauziramawu. Tsinde lake ndi -gwa. Chi- ndi -na- wachita kumatapo wekha."

Mtsikanayo anayang'ana pansi kaye, kenako anati, "Koma agogo, polemba chimangirizo munkatiuza kuti tizilemba mophatikiza. Ndikalemba chi na gwa motalikitsa mundichongera cholakwa."

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. Ndipo ali mkati moseka anaona chomwe onse awiri anachiphonya: panatsala N mmodzi. Muikeni pakati pa "china" ndi "gwa", mupeza chinangwa. Malembo onse 9, mapointi 18. Ngati munachipeza nokha, dziombereni m'manja.

Mkangano umenewu ndi waukulu kuposa momwe ukuonekera. Pa Chingerezi woweruza ntchito yake ndi yopepuka, chifukwa mneni mmodzi amasintha maonekedwe kangapo kokha. Ife mneni wathu amanyamula katundu. Tengani "sindidzakupatsaninso". Muli kukana, muli ine, muli nthawi yam'tsogolo, muli inu, muli kupatsa, muli kubwereza, zonse m'mawu amodzi a malembo 20. Palibe buku lingalembe maonekedwe onse a mneni aliyense wa Chichewa. Tikanena kuti tilola mawu okhawo olembedwa ngati mitu mu mtanthauziramawu, tataya mbali yomwe Chichewa chimaonetsera mphamvu zake. Tikalola chilichonse, wina adzabwera ndi zomatamata zoti palibe Mmalawi anazinenapo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndawaganizira sabata yonse. Mtsikana uja analondola. "Chinagwa" alandire mapointi 8 ake. Tsinde lipezeke mu mtanthauziramawu, zomatirazo zitsate malamulo a Chichewa, ndipo woweruza akakayika, wopikisana apange chiganizo pompo, monga anachitira iye ndi chikho chija. Chiganizo chikamveka m'khutu la woweruza, mawuwo alowa. Izi zikutanthauza kuti pa masewera athu woweruza akhale munthu wodziwa chiyankhulo mozama, buku lizingomuthandiza.

Ndipo bukulo lilipo, linabadwira konkuno. Centre for Language Studies ya University of Malawi, yomwe ili muno mu Zomba ndipo inalowa m'malo mwa Chichewa Board, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000, wofotokoza mawu a Chichewa m'Chichewa chomwe. Aphunzitsi anabwera nalo lawo, chikuto chitamatidwa ndi selotepi. Pamene tinkakangana za mawu ena, mtsikana uja analitsegula koyamba m'moyo wake, ndipo titamaliza kusewera anapempha kuti abwereke.

Palinso nkhani ya timakadi. Ku Britain milu ija anaikonza motsatira Chingerezi, moti E amachuluka. Ife tikatengera zomwezo tidzangoyang'anizana. Q ndi X ndinazitaya, Chichewa sichizifuna. A ndinamuchulukitsa, chifukwa mukatsegula tsamba lililonse la Chichewa ndiye amadzaza. Koma chomwe chinandivutitsa ndi C. M'kalembedwe kathu C sayenda yekha, amafuna H pambali pake, monga mu "chala" ndi "ntchito". Akatuluka C popanda H, kakadi kameneko kafa, opikisana atsala ndi 8. H nayenso nthawi zambiri amakhala wotsamira mnzake: ph, th, kh. Ndiye mwina CH akhale pa kakadi kamodzi. NG' wa mu "ng'ombe" nayenso chimodzimodzi, chifukwa kankhodolero kaja sikokongoletsa, kamasiyanitsa kamvekedwe. Ife tinayesa njira zonse ziwiri, ndipo masewera anayenda bwino titaphatikiza CH.

Lamulo la malembo a liwu osachepera 3 nalonso ndinaliyesa. Poyamba ndinkaganiza kuti ife tifunika ochulukirapo, poti pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu. Aphunzitsi ndi amene anandidzidzimutsa. Anatenga cholembera n'kulemba "nkhwangwa". Werengani: malembo 9, koma a liwu ndi awiri okha, A ndi A. Potsatira lamulo la ku Britain, mawu amenewa sangatuluke onse pa chigawo cha malembo, ngakhale nkhwangwayo ili kuseri kwa chitseko cha nyumba iliyonse kumudzi. Ndiye pa masewera athu tinatsitsa, tinati osachepera 2, wosankha aone yekha.

Pa manambala zinthu zinatembenuka. Aphunzitsi ankalemba mzere ndi mzere mosamala, wotchi n'kuwathera. Mayi wina wogulitsa tomato, yemwe anangoima kuti aone chomwe tikusekera, anayankha 463 uja dengu lili pamutu, osagwira cholembera. Ndinamufunsa kuti, "Mayi, mwadutsa njira iti?" Anati, "Ma 50 akakhala 9 ndi 450, aliyense ndamuonjezera 1, ndiye 459, kwatsala 4." Ndi njira ya akatswiri ija. Iwo amaichita tsiku lililonse pobweza chenji mumsika wa Zomba, kasitomala ali chiimire, wina akufunsa mtengo kumbali. Makondakitala a minibasi za ku Chinamwali ndi Domasi nawonso ndikufuna ndidzawaone pa tebulo limeneli.

Kuti museweretu kwanu simufunika zambiri: katoni imodzi, sizasi, cholembera chakuda, foni yowerengera masekondi 30, ndi munthu mmodzi amene nonse mukuvomereza kuti akagamula wagamula. Nambala yofikira mutha kuipeza potsegula buku lalikulu mwachisawawa n'kutenga nambala ya tsamba, bola ipitirire 100.

Chatsala ndi chigawo chomaliza. Pa TV amaonetsa mawu amodzi a malembo 9 atasokonezedwa, ndipo woyamba kudina belu n'kuyankha molondola amatenga mapointi 10. Akalakwa, mpata wake watha, masekondi otsalawo ndi a mnzake. Masewera ambiri amagamulidwa pomwepa. Pakhonde pano belu lathu linali supuni ndi kapu yachitsulo, ndipo Loweruka lija mtsikana uja anamenya kapu pa sekondi ya 11, aphunzitsi akadali kukonza magalasi. Nawa mawu omwe ndinawapatsa.

[Pa sikirini: T U Z A M B I W U. Wotchi iyamba.]

Ndikuthandizeni pang'ono: mumazipeza m'beseni pachipata cha sukulu nthawi ya buleki, zikadali zotentha, ndipo muli nthochi. Masekondi anu 30 ayamba.